Ndudu Yosayatsa

"Kodi munthu woti mutu wake ukuyenda bwino angasiye ndalama ya golide n'kuba pepala?"

Anafunsa choncho a Tomar, mkulu wa apolisi m'tauni yathu ya Dhaurganj, ataima pa kabati yagalasi, mimba yawo ikukhudza loko. A Bajpai, omwe ndi abwana anga, ankapukuta magalasi awo a m'maso amene anali oyera kale. Ine ndinkayang'ana pansi.

Nyumba yathu yosungiramo zinthu zakale ili ndi zipinda ziwiri zokha, koma munaunjikidwa dziko lonse mosasamala. M'kabati imene inatsegulidwayo munali ndalama ya Aroma yomwe mlimi wina anatola m'munda mwake, chipolopolo cha mzinga cha m'nthawi ya mafumu a Chimughal, mutu wa Mfumukazi Vikitoliya wopanda mphuno, ndi mendulo zitatu za anyamata akwathu amene anakafera ku France pa nkhondo ya eni ake. Zonsezi zinalipo. Inasowa ndi kalata imodzi yokha, imene Kaputeni Wetherick analembera mkazi wake Honoria m'chaka cha 1858, sabata yomwe kolera inamutenga. Kalatayo sinatumizidwe.

M'mabuku a ku yunivesite, komwe ndinatha zaka zisanu ndikuphunzira mbiri kuti ndidzapeze ntchito yopukuta fumbi, Wetherick ali ndi mizere iwiri: anawotcha midzi itatu, anafa ndi matenda a m'mimba. Koma kuno ndi Kaputeni Baba, mzimu umene anthu amaupempha thandizo. Manda ake ali kuseri kwa siteshoni ya sitima, ndipo Lachinayi lililonse anthu amavula nsapato pachipata n'kukamusiyira ndudu. Amene amapitako kwambiri ndi omwe ali ndi wachibale kunja. Amati munthu amene anafera kutali akulirira mkazi wake amadziwa njira zonse zobwerera kunyumba. Kalatayo inkakhala kumandako, m'kachitini kamene palibe ankatsegula, mpaka zaka ziwiri zapitazo pamene boma linati chinyezi chiiwononga n'kuibweretsa kwathu.

Loko sanathyoledwe. Makiyi ake ndi awiri. A Bajpai anaonetsa wawo, womangirira pa ulusi wopatulika umene amavala paphewa, ndipo anatulutsa tikiti ya sitima asanafunsidwe n'komwe: dzulo lonse, Lachinayi, anali ku Lucknow ku msonkhano. Ine ndinati kiyi wanga amakhala m'chikwama, ndipo chikwama sichisiyana nane. Ndinanena zoona monga ndinkazidziwira m'mawa umenewo.

A Tomar sanavutike nazo. Anati ngati si masana ndiye usiku, ndipo usiku pamakhala mlonda. Anali atawatumiza kale kupolisi a Chhedilal, nkhalamba imene yalondera nyumbayi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Tauni yonse inawamva akutukwana boma tsiku limene kalatayo inachotsedwa kumanda. Umboni wina unali m'envulopu m'thumba la a Tomar: ndudu imodzi, yomwe anati wakubayo anagwetsa.

Ndinali nditaiona nduduyo isanalowe m'envulopu. Inali yaitali, yoyera, ya kamzere kagolide, yosayatsa. Ndipo sinagwe. Inagonekedwa pakati penipeni pa nsalu yofiira, pamalo pomwe panali kalata, mowongoka ngati yoyezera ndi lula.

Panali chinanso. Opaka laimu anapala makoma a chipindacho Lachinayi m'mawa, n'kuchoka masana akulonjeza kuti abwera posachedwa, monga amalonjezera. Fumbi loyera linali mbuu pansi ponse. Nsapato za apolisi zinali zitapondaponda paliponse, koma m'munsi mwa kabati munatsala phazi limodzi, laling'ono, lopanda nsapato. Pa chala chachiwiri panadutsa kamzere, pamalo pomwe akazi okwatiwa a kuno amavala mphete ya kuphazi.

Ndinawaonetsa a Tomar. Anawerama pang'ono, mmene mimba inawalolera.

"Mwana wanga, digiri yako ndi ya anthu akufa," anatero mokoma mtima. "Amoyo tisiyire ife."

Anati mawa m'mawa awatengera a Chhedilal kukhothi. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Dzina la wantchito wa boma likangolowa kumeneko, ntchito yatha tsiku lomwelo, ndipo kanyumba ka kuseri kwa mpanda kamapita pamodzi ndi ntchito. Khothi likhoza kudzawamasula patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Chifuwa chawo sichikanadikira zimenezo.

*

A Chhedilal ndinawapeza m'chitokosi atakhala pansi, akutsokomolera m'kansalu kawo ka paphewa. Wapolisi wapakhomo analawa kaye tiyi amene ndinabweretsa, theka lonse la kapu, kuti aone ngati mulibe mpeni.

A Chhedilal sayamba nkhani pamene iwe ukufuna. Anafunsa kaye ngati wina wathirira kamtengo kawo kopatulika ka pakhomo. Kenako anandiuza za galu wa kwa wosoka nsapato, za sitima yakatundu imene inachedwa, za bondo lawo. Zonsezi zinkatanthauza kuti usiku sikunabwere munthu. Nditawakumbutsa za kutukwana kuja sanakane. Anati mawa akatukwananso pamaso pa woweruza, chifukwa munthu sumulanda kalata ya mkazi wake, kaya akhale mzungu, kaya akhale wakufa.

Ndinawauza za ndudu. Anasiya kumwa tiyi.

"Yoyatsa kapena yosayatsa?"

"Yosayatsa."

"Nanga ukundifunsiranji, mwana wanga? Ine ndine mwamuna."

Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana kumanga chingwe cha nsapato. Mwamuna akafika kwa Baba amayatsa ndudu ndi pakamwa pake, kukoka kamodzi, n'kuiimika pa dothi kuti Baba amalize. Mkazi sangaike ndudu pakamwa anthu akuona. Iye amaigoneka yosayatsa, Baba akayatse yekha. Ndipo kwa Baba sutenga kanthu, ngakhale duwa lofota, osasiyapo kako. Ine ndingakuuzeni tsiku ndi mwezi wa nkhondo iliyonse imene Angerezi anamenya m'chigwa chino, koma izi sindinkazidziwa. Kumandako ndinkangodutsa panjinga.

Ndinawafunsa ngati anaona mkazi aliyense dzulo. Anayang'ana m'kapu nthawi yaitali. Kenako anati masana, opaka laimu atachoka, anaona nsapato pakhomo pa chipinda chachiwiri, zoikidwa bwino moyandikana. M'nyumba yathu ya zakaleyo palibe amavula nsapato. Ngakhale a Bajpai, amene amaimirira akamayankha foni ya kulikulu, nsapato savula.

"Za ndani, agogo?"

"Maso anga akalamba."

Ndinawakumbutsa kuti mawa ndi kukhothi, kuti kanyumba kapita, kuti kwa mwana wawo kumudzi kulibe malo. Anagwedeza mutu pa chilichonse ngati ndikuwawerengera za nyengo. Atamaliza tiyi anandibwezera kapu kudzera m'zitsulo, n'kugwira zala zanga pang'ono.

"Ndinaona nsapato, munthu sindinamuone," anatero. "Ndipo iwenso usamuone."

*

Lachisanu kumanda kumakhala zii. Mayi Phoolmati, amene amagulitsa ndudu ndi maluwa pachipata, ankasesa zotsala za dzulo. Zopsa ankataya m'ngalande, zosayatsa ankazipukuta pa nsalu yawo n'kuzibwezera m'paketi. Zikuoneka kuti Baba amasuta ndudu imodzi kasanu.

"Taonani, abwera madamu a digiri," anatero osadzuka. "Kalata munatenga. Lero mwabwerera mafupa?"

Ndinagula maluwa amene sindinkawafuna, ndipo pakamwa pawo panafewa. Anati za kuba amva kale, ndipo ngati wina angawafunse, wakuba woyamba ndi boma, wachiwiriyo ndi mthenga chabe. Anati Chhedilal sangabe ngakhale mthunzi. Anatchula akazi onse amene anabwera dzulo pamodzi ndi matenda awo, amuna awo, ndi mayiko amene anawameza: uyu Dubai, uyu Canada, uyu palibe akudziwa, mwina Kanpur pomwepa ali ndi wina.

Ndinafotokoza nduduyo: yaitali, yoyera, kamzere kagolide.

Tsache linaima.

Anati imeneyo si yawo. Iwo amagulitsa za kuno, zokanda pakhosi, ndipo Baba sanadandaulepo. Ya kamzere kagolide imabwera imodzi yokha pa sabata, ndi munthu mmodzi, pafupifupi zaka zinayi tsopano. Amabwera nayo yake, sagula ngakhale duwa, zoti munthu ali ndi ana pachipata pano iye alibe nazo ntchito. Amafika masana atanyamula zitini za chakudya zosanjikiza, ali paulendo wokapatsa wina. Nduduyo sangaigulitsenso chifukwa aliyense angaizindikire, ndiye amakawapatsa amuna awo, omwe tsopano Lachinayi madzulo amakhala ngati loya.

"Koma dzulo anabwera mochedwa, zitini zili zopanda kanthu, ndudu alibe. Anaima apo, pamutu pa manda, dzanja lili pachifuwa ngati munthu wobisa nkhunda m'bulauzi. Anaima mpaka mthunzi unachoka pa mwala. Kenako anatembenuka n'kumapita osasiya kanthu."

"Dzina lake ndani, mayi?"

Anaseka mpaka kutsamira tsache.

"Madamu, mumadya chapati cha m'manja mwake tsiku ndi tsiku, n'kumadzandifunsa ine dzina?"

*

Njinga ndinaikankha, sindinaikwere. Ndinkafuna njira italike.

Chakudya changa chamasana amabweretsa ndi alamu anga a Rachna, akazi a achimwene anga Alok. Akafika ine ndimapita kukasamba m'manja pampopi wa kuseri, umene umadontha ngati ukuchita manyazi. Chikwama chimatsala patebulo. Chimene ndinawauza apolisi kuti sichisiyana nane chimasiyana nane mphindi khumi tsiku lililonse. Ndipo m'mawa wa Lachisanu limeneli, kwa nthawi yoyamba, alamu anati mutu ukuwapweteka, ndikagule chakudya pamsewu.

Achimwene anapita ku Leicester zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, patangotha miyezi isanu ndi itatu chikwatirane. Anabwerako kamodzi. Anabweretsa chokoleti, chikhoti cha amayi chimene munthu sangavale m'dziko lathu lotenthali, ndi katoni ya ndudu za pabwalo la ndege yomwe anaiwala pamwamba pa wadiropu pobwerera. M'katoni mumakhala ndudu mazana awiri. Ndinawerengera ndikuyenda: Lachinayi mazana awiri. Foni yawo inasiya kuyankhidwa zaka ziwiri zapitazo. Amayi amati ndi ntchito. Alamu amangopukuta chithunzi chaukwati ndi kupaka utoto wofiira wa akazi okwatiwa pampata wa tsitsi m'mawa uliwonse, mowongoka ngati woyezera ndi lula.

Amayi anali m'tulo ta masana. Alamu ndinawapeza padenga akutembenuza tsabola amene anayanika pansalu. Kuchokera padenga pathu njanji imaoneka mpaka pomwe imakhotera kumadzulo, ndipo iwo amayanika chilichonse mbali imeneyo.

Sindinawafunse kanthu. Ndinangonena kuti a Chhedilal ali m'chitokosi, ndipo mawa akupita kukhothi.

Dzanja lawo linaima pakati pa tsabola. Sankadziwa. Anati ankaganiza kuti chipindacho chikhala chotseka mpaka opaka laimu amalize, ndipo palibe angazindikire msanga. Anati agogo aja ndi amene anawatsegulira geti potuluka, n'kuwauza kuti ayende mumthunzi.

Anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa kampango kopindapinda. Pepala la zaka zoposa zana limodzi ndi theka linali litagona pakhungu la munthu tsiku lathunthu m'mwezi wotentha kuposa yonse. Mbali ya mtima wanga imene inapita ku yunivesite inabuula. Mbali inayo inakhala chete.

"Foni inasiya kulira mwezi womwe munamulanda Baba kalata yake, iwe Vibha," anatero. "Iwe sunaone zimenezo. Ine ndinaona."

Anati ndudu ija inali yomaliza m'katoni. Ataigwira m'manja Lachinayi m'mawa anadziwa kuti sabata yamawa sadzakhala ndi chomupatsa Baba, ndiye anaganiza kuti bola amubwezere chake. Anavula nsapato chifukwa sakanatha kuyandikira kalatayo atavala. Koma atafika kumanda dzanja linakana kuitulutsa.

"Ndinafuna ndimve kaye mmene mwamuna amalembera akamalakalaka kwawo. Achimwene ako sanandilemberepo. Ankangoimba, n'kumafunsa ngati amayi akumwa mankhwala."

Ndinawauza nzeru imene ndinapanga m'njira. Ndikailowetsa kalatayo kuseri kwa kabati, kenako ndikaipeza a Bajpai akuona, n'kunena kuti opaka laimu anagwedeza kabati. A Tomar sakhulupirira, koma amakonda mlandu wotha kuposa mlandu woona. Agogo atuluka, dzina la munthu silitchulidwa, ndipo amayi sadzamva kuti mpongozi wawo anaima papolisi. Tonse tinkawadziwa amayi. Mbale yosweka amakhululuka, koma manyazi a pamsewu ayi.

Alamu anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandipatsa kalatayo.

"Tandiwerengera. Chingerezi sindimatha."

Kalatayo ndinali nditaiwerenga kale, tsiku limene inafika kwathu. Ndine ndinatsegula kachitini. Nditawamasulira a Bajpai anapukuta magalasi awo n'kundiuza kuti pa kapepala ka m'kabati ndingolemba kuti, "Kalata yomaliza kwa mkazi wake," ndipo ndiipinde kuti pazioneka dzina ndi tsiku lokha. Anati tauni ili ndi mavuto okwana kale. Kwa zaka ziwiri ndinadya chakudya cha alamu Lachinayi lililonse, fungo la lubani wa kumanda lili pa nsalu yawo, osafunsa kumene adzera.

Ndinaitambasula. Ndinali nditayamba kale kupeka mawu okoma m'mutu, za mvula ya ku England ndi maluwa a pazenera.

"Usandiwerengere zako," anatero. "Ukamanama mawu ako amakwera. Ndinakumva ukuwauza amayi kuti unadya."

Ndiye ndinawerenga zimene zinalembedwa. Kaputeni anayamba ndi za kutentha ndi za hatchi yake imene inafa. Kenako dzanja lake linapendekeka. Analemba kuti: "Honoria, ndikachira sindibwera. Ndayesa kukulembera zimenezi kasanu. Kuno kuli mkazi amene amandisamala, ndipo tili ndi mwana wamkazi woyamba kumene kuyenda. Iwe sunalakwe kanthu. Nkhope yako ndimaikumbuka ngati ya munthu amene ndinamuona pa chithunzi m'nyumba ya eni. Nyumba ndi yako. Ngati n'kosavuta, uwauze kuti ndinafa. Koma usandidikire. Ndikupempha chimodzi chokhachi, usandidikire."

M'munsimo munali dzina lake, lolembedwa theka.

Sitima ya masana inadutsa, ndipo tonse tinaiyang'ana mpaka inakhota. Alamu sanalire. Anafunsa ngati Honoria anailandira, ndinati ayi. Anafunsa kuti anadikira zaka zingati. Ndinati mabuku salemba za anthu otero.

"Ndiye akazi onse a kumanda aja," anatero, n'kusiyira pomwepo.

Anatola tsabola mmodzi amene anagwera kunja kwa nsalu n'kumubwezera pa anzake. Kenako anandiyang'ana m'maso, zomwe sachita kawirikawiri.

"Nanga za achimwene ako, pali chimene unawerenga n'kuchipinda?"

Chaka chatha mnzanga wa ku yunivesite amene ali ku Leicester ananditumizira chithunzi pafoni. Munali achimwene, atanenepa, akukankha kangolo ka mwana, pambali pawo pali mkazi wa tsitsi lalifupi. Ndinachifufuta usiku womwewo, ngati kufufutako kungafike ku England. Tsopano ndinatsegula pakamwa, koma ndinakumbukira kuti mawu anga amakwera. Ndinatseka.

Alamu anagwedeza mutu kamodzi.

Anakulunga tsabola yense m'nsalu, ngakhale anali asanaume, n'kumuika pamalo ofoleredwa kuti asanyowe ngati kungabwere mvula. Anatenga kalatayo m'manja mwanga, naipinda m'mizere yake yakale mosamala kuposa mmene ine ndinachitirapo. Tinatsika masitepe mwakachetechete kuti amayi asadzuke. M'khitchini anathira madzi mu mphodza, anachepetsa moto, n'kuvundikira ufa wokanda ndi mbale. Pakhomo anavala nsapato zawo.

Ndinawanong'oneza kuti njira ya kuseri kwa kabati ikadalipo, kuti palibe chifukwa choti aonekere, kuti agogo atuluka ndithu lero lomwe.

"Atuluka lero lomwe," anavomera. "Ndikanena ndekha kwa a Tomar, ndi pakamwa panga. Iwe ukawathirire agogo kamtengo kawo. Amayi akadzuka uwauze kuti mphodza yapsa, chapati apange okha."

Anatsegula geti, n'kuima pang'ono dzanja lili pa chitsulo.

"Ndikachoka kupolisi sindibwerera kuno."